Makina agulitsidwe, koma otsutsa asatsekedwe pakamwa

Pa chisankho cha aphungu a dziko la Switzerland mu October 2007, akuluakulu a chigawo cha Geneva adachita chachilendo. Zotsatira za mavoti, pochoka kumene ankazisonkhanitsa kupita kumalo osungirako nkhani za boma, zidadutsa m'chingwe chotetezedwa ndi makina a quantum. Makinawo adapanga ndi kampani yaing'ono yotchedwa ID Quantique, imene idabadwira mu yunivesite ya Geneva mu 2001. Oiyambitsa adali akatswiri a physics anayi, ena mwa iwo Pulofesa Nicolas Gisin ndi Grégoire Ribordy.

Nzeru yake njosavuta kumva, ngakhale masamu ake ngozunguza mutu. Kiyi wotsekera uthenga amatumizidwa pa tizidutswa ting'onoting'ono ta kuwala totchedwa photon. Chilengedwe sichilola munthu kuyeza kachidutswa kotere osakasokoneza, komanso sichilola kukakopera. Tsono kazitape akati asuzumire, zolakwika zimachuluka, wotumiza ndi wolandira n'kudziwa kuti pali khutu lachitatu, kiyi uja n'kumutaya. Charles Bennett ndi Gilles Brassard ndiwo adalemba njira imeneyi mu 1984. Inu amene mudakhala ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku London m'masiku a chipani chimodzi, mukulandira makalata akumudzi omata kawiri, simufunika kuuzidwa kukoma kwa chinthu chotere.

Alipo anthu amene amaipidwa akamva kuti pulofesa watsegula kampani. Amati mphunzitsi wasanduka venda. Ine sindili nawo, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene adalawako za kuyunivesite asanalowe utolankhani. Chipangizo chodzaza tebulo lonse, chogwira ntchito pokhapokha wophunzira akuchilondera usiku wonse, sichingathandize kalaliki wa chisankho. Pamafunika wina wochiika m'bokosi, wolemba malangizo ake, woyankha foni chikafa. Imeneyo si ntchito ya yunivesite. Chifukwa chakuti makinawo adafika pamsika, mu 2010 pa nthawi ya World Cup akatswiri a University of KwaZulu-Natal ndi khonsolo ya mzinda wa Durban adatha kuwagwiritsa ntchito poteteza mauthenga ochokera ku bwalo la Moses Mabhida.

Nkhawa yanga ili pena.

M'chaka chomwecho cha 2010, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Vadim Makarov pa yunivesite ya ku Trondheim m'dziko la Norway, mogwirizana ndi anzawo a ku Erlangen ku Germany, lidaonetsa kuti makina amene ankagulitsidwa ndi ID Quantique ndiponso a kampani ya ku America ya MagiQ angathe kupusitsidwa. Iwo sadathyole lamulo lililonse la chilengedwe. Adangowalitsa kuwala kwamphamvu m'diso la makina olandira mpaka diso lija kuthobwa. Likatero silinkamvanso kachidutswa kamodzikamodzi, linkangoona zimene kazitape wafuna kuti lione, ndipo kiyi yense akadabedwa popanda chizindikiro chilichonse. Masamu a 1984 aja adali olondola ndithu. Chofooka chidali bokosi.

Taonani mmene nkhaniyi idayendera. Ofufuzawo adadziwitsa ID Quantique poyamba, kampaniyo idayamba kukonza, kenaka zonse zidasindikizidwa poyera mu magazini ya sayansi ya Nature Photonics kuti aliyense awerenge. Palibe adamangidwa, palibe adathamangitsidwa ntchito. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo a ku Geneva, pokhala ana a yunivesite, adazindikira zimenezo. Kodi anyamata a ku Trondheim akadapanda kuloledwa kugwira makinawo, ndani akadapeza chibowocho? Akadachipeza ndi akazitape a boma lina, ndipo amenewo salemba mu magazini.

Koma kampani siikhala mwana mpaka kalekale. Mu 2018 kampani ya mafoni ya ku South Korea, SK Telecom, idagula gawo lalikulu la ID Quantique pa ndalama pafupifupi madola 65 miliyoni. Mu 2025 ulamuliro udapita kwa IonQ ya ku Maryland, America, imene nayonso idachokera m'mayunivesite a Maryland ndi Duke mu 2015. Masheya a IonQ amagulitsidwa pa msika wa ku New York, ndipo mu 2024 idasaina mgwirizano wa madola 54.5 miliyoni ndi nthambi ya kafukufuku ya asilikali a m'mlengalenga a America. Sindikunena kuti IonQ yatseka wina pakamwa, ayi. Ndikunena kuti zofuna zimasintha mwini akasintha. Kwa pulofesa, kupezeka kwa cholakwika ndi pepala latsopano loti alembe. Kwa mwini masheya, ndi mtengo wogwa mmawa womwewo. Kwa msilikali, ndi chinsinsi choyenera kusungidwa.

Ndiye pamene yunivesite ikusaina mapepala opereka nzeru zake kwa kampani yobadwa kumene, nkhani isathere pa funso la kuti yunivesite ilandira masheya angati. Kafukufuku wa mtundu uwu amaleredwa zaka zambiri ndi ndalama za misonkho, kampani isanagulitse n'kabokosi kamodzi komwe. Okhoma misonkhowo ali ndi ufulu woona chiganizo chimodzi m'mgwirizanomo: chakuti ofufuza a kunja adzaloledwa kugula makinawo, kuwayesa, kuwathyola ngati angathe, ndi kusindikiza zimene apeza pakatha nthawi yokwanira kukonza. Chiganizocho chiyende ndi nzeruyo ngakhale kampani itagulitsidwa katatu.

Ena adzati zimenezi zithawitsa oika ndalama. Mwina ena athawadi. Koma malonda onse a makinawa ndi kukhulupirirana basi, ndipo ogula akuluakulu akadali ndi chikaiko. Bungwe la akazitape la America la NSA lidanena poyera kuti sililimbikitsa njira imeneyi poteteza zinsinsi za boma, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi chomwechi: chitetezo chenicheni chimadalira mmene bokosi lapangidwira, ndipo kutsimikiza zimenezo nkovuta. Wogulitsa sangachotse chikaiko chotere ndi timapepala totsatsa malonda. Kaya ndi banki, kaya ndi bungwe loyendetsa chisankho, wogula afunse dzina la munthu wakunja amene adayesa kuthyola makinawo, chaka chimene adayesa, ndi kumene lipoti lake lingawerengedwe.