Khadi lodzithira lokha ndalama: kufewetsa ulendo kapena kutsegulira akuba khomo?

JOHANNESBURG – M'mawa uliwonse anthu miyandamiyanda ochokera ku Diepsloot ndi madera ena amathamangira ku ntchito ku Fourways, kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg. Mwa iwo muli Amalawi ambiri ogwira ntchito za m'nyumba, zosamalira maluwa ndi zaulonda. Ochuluka amakwera maminibasi n'kulipira ndalama pamanja, koma mabasi a Gautrain, omwe amalumikiza Fourways ndi siteshoni ya sitima ya Sandton, salandira ndalama zotere. Wokwera amagunditsa khadi pa makina.

Kuchokera m'chaka cha 2010, pamene Gautrain inayamba kuyenda, mwini khadi amathiramo ndalama zomwe wakonza kugwiritsa ntchito paulendo. Ubwino wake ndi wakuti khadi likatayika, chomwe chapita ndi ndalama zomwe zinali m'menemo basi.

M'mizinda ina ikuluikulu muli njira ina. Khadi la Oyster ku London, lomwe linayamba mu 2003, ndi la Octopus ku Hong Kong, la mu 1997, amatha kulumikizidwa ku banki kuti ndalama zikatsala pang'ono, zina zizilowa zokha. Wapaulendo saimanso pamzere. Koma apa malire aja achoka: wakuba akatola khadi lotere amayenda nalo, ndipo banki imapitiriza kulidzaza kufikira mwini wake atazindikira n'kulitseketsa.

Anthu ambiri akamva za chiopsezo amaganiza za akatswiri obera pa makompyuta. Mantha amenewa ali ndi maziko. Mu 2008 ofufuza a pa yunivesite ya Radboud ku Netherlands anaonetsa kuti kachipangizo ka MIFARE Classic, komwe kanali m'makhadi a Oyster a nthawi imeneyo, kangathe kukoperedwa. Pambuyo pake London inasamukira ku makhadi okhwima a DESFire.

Komabe kukhwimitsa khadi sikunathetse vuto, kaamba kakuti akuba anatembenukira ku maakaunti a pa intaneti. Mu Ogasiti 2019 bungwe la Transport for London linatseka kwa kanthawi tsamba la Oyster litazindikira kuti maakaunti pafupifupi 1,200 analowedwa pogwiritsa ntchito mawu achinsinsi omwe anabedwa pa masamba ena. Mu Seputembala 2024 bungwe lomweli linalengeza kuti manambala a ku banki a anthu pafupifupi 5,000 mwina anaonedwa ndi obera.

Nkhanizi zikukhudzanso wokwera basi wa ku Fourways. Masiku ano Gautrain imalandira makhadi a banki ongogunditsa, kutanthauza kuti mtengo wa ulendo umachotsedwa mwachindunji mu akaunti momwe mumafikira malipiro a pamwezi. Kwa munthu wa ndalama zambiri, marandi ochepa otayika si kanthu. Kwa mayi amene akusunga ndalama za fizi ndi feteleza zoti atumize ku Mzimba kapena ku Mangochi, masiku atatu osazindikira kuti khadi lasowa angasokoneze bajeti ya mwezi wathunthu. Mlendo amene mapepala ake ali ndi vuto amazengerezanso kukadandaula ku polisi, ndipo akuba amadziwa zimenezi.

Lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, limakakamiza makampani m'dziko la South Africa kusamala zinsinsi za makasitomala ndi kuwadziwitsa zikabedwa. Koma lamulo silingatseke khadi lomwe mwini wake sanazindikire kuti latayika.

Pa chifukwa ichi, wapaulendo achita bwino kulembetsa khadi lake m'dzina lake, kuthiramo ndalama za sabata imodzi yokha, kupempha banki kuti izimutumizira uthenga pa foni ndalama zikachoka, ndi kusagwiritsa ntchito mawu achinsinsi amodzimodzi pa masamba osiyanasiyana. Nawo oyendetsa mabasi ndi sitima akafuna kubweretsa njira yodzithira yokha, ayenera kuika malire a ndalama zolowa pa tsiku ndi kulola wokwera kusankha yekha ngati akuifuna.