MAOLA 48 NDI MAOLA 48

Anzathu a ku Liwonde, Ntaja, Nselema, Ulongwe ndi pa Balaka, werengani izi musanatuluke kupita kuzionetsero.

Apolisi akakugwirani, wotchi yayamba pomwepo. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likuti muuzidwe chomwe mwamangidwira m'chilankhulo chomwe mumamva, kaya Chiyao kaya Chichewa, ndipo mukaonekere kukhothi pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku lomwe khothi siligwira ntchito, ndiye tsiku loyamba lomwe latsegula. Zoti "galimoto ilibe mafuta" m'gawo limeneli mulibemo.

Belo si chifundo cha bwana aliyense. Kale makhothi ankafuna kuti woganiziridwa kupha munthu apereke yekha zifukwa zapadera kuti atuluke. Mu 2005, pamlandu wa Fadweck Mvahe, Supreme Court inatembenuza zimenezo: boma ndi lomwe liyenera kuonetsa chifukwa chosungira munthu m'chitokosi. Nanga ngati zili choncho pamlandu wakupha, mnyamata wonyamula chikwangwani agonerenji pa rimandi miyezi? Ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Wokupemphani kenakake akukuberani.

Ena akuti tikuikira kumbuyo zigawenga. Ife a ku Machinga sitifuna kuuzidwa za ululu. MacDonald Masambuka, mnzathu wachialubino, anaphedwa kwathu kuno mu 2018. Mlandu unachedwa mpaka kutopetsa, inde, koma unazengedwa poyera, ndipo mu 2022 khothi linapeza olakwa, pakati pawo wansembe ndi wapolisi. Tsono taonani za Buleya Lule, yemwe ankamuganizira pankhani ya kubedwa kwa mwana wachialubino ku Dedza. Anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019, ndipo bungwe la MHRC linati anazunzidwa. Chomwe ankadziwa, ngati chinalipo, anapita nacho kumanda. Wapindula ndani pamenepo? Banja la mwanayo ayi ndithu.

N'chifukwa chake gawo lomweli limaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu. Muli ndi ufulu wokhala chete. Nenani dzina lanu, funsani loya, ndipo musasayine sitetimenti yomwe simunawerenge. Ngati ndalama ya loya palibe, pemphani a Legal Aid Bureau.

Mnzanu akatengedwa, lembani ola, tsiku ndi polisi yomwe apita naye, mutitumizire pompano. Tikhala tikuwerenga maolawo limodzi.