Funsani Makalata Musanalembe Anchito

Alimi anzathu, ena a inu mukagulitsa fodya ku Limbe mumamanga nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Bangwe. Amisiri akamaliza, pamatsala simenti pansi, penti pa magalasi ndi zidutswa za njerwa pabwalo. Apo mpamene mumafuna anthu oyeretsa. Pa Ginnery Corner, pamene kale panali makina ocotsa njere za thonje, mungakumane ndi munthu wonena kuti ali ndi kampani yoyeretsa nyumba. Musafulumire kumpatsa makiyi.

Coyamba, akuonetseni kalata yosonyeza kuti kampani yaceyo inalembedwa m'kaundula wa Boma. Dzina la mwini wace lifanane ndi la pa citupa cace.

Caciwiri, akuonetseni kalata ya inshuwalansi, ndipo muone tsiku limene ithera. Kalata yotha masiku iri ngati nkhokwe yopanda cimanga. Lamulo la Workers' Compensation Act la caka ca 2000 likuti munthu akavulala pa nchito, bwana wace alipire cipepeso. Tsono mnyamata akagwa pa makwerero nakagonekedwa ku cipatala ca Queen Elizabeth, bwana wopanda inshuwalansi akhoza kuthawa, ndipo abale a wovulalayo adzagogoda pakhomo panu. Funsaninso ngati inshuwalansiyo ilipira magalasi akasweka.

Cacitatu, akuchulireni nyumba ziwiri zimene anayeretsapo, mukafunse eni ace.

Pangano lilembedwe pa pepala pamaso pa mboni, ndipo musapereke ndarama zonse nchito isanathe. Kumbukirani, safunsa anadya phula.