Makina si nkhwangwa, abale anga

Lero ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo.

Sabata yatha mwana wa achemwali anga analandira chainsaw, makina odulira mitengo aja, kuchokera kwa mkulu wake wa ku Joni. Tsiku lomwelo anauyamba bulugamu wa kuseri kwa khola langa. Kamtengo kake kakang'ono ndithu, ngati ntchafu yangayi. Koma m'malo mogwera kudambo kumene iye amafuna, kanapotoloka n'kugwera pa khola. Mbuzi imodzi inathyoka mwendo, mwini wakeyo nthambi inamudutsa pakhutu penipeni. Pakadapanda Mulungu, bwenzi pano tikukamba za maliro.

Ndiye ine ndikuti munthu asagwire makinawa asanaphunzitsidwe. Ena akuti, "Aaa, ife tinakula ndi nkhwangwa, anatiphunzitsa ndani?" Zoona. Koma nkhwangwa imadya pang'onopang'ono, umaona kumene mtengo ukupendekera n'kukonza. Makina amadya msanga, ukalakwitsa palibe kubweza.

M'mawa mwake ndinamutengera kwa bambo wina amene anagwirapo ntchito yodula mitengo ku Chikangawa. Ine ndinakhala pambali kumvetsera, ndipo ndinachita manyazi ndi umbuli wanga.

Akuti usanalize makina, yang'ana kumene mtengo wapendekera ndi kumene mphepo ikuwombera. Lambula njira yothawira, chakumbuyo koma mopingasa, chifukwa tsinde limatha kubwerera m'mbuyo ngati bulu woponya mwendo. Anthu oonerera, makamaka ana, atalikire kawiri kutalika kwa mtengowo. Kenako umayamba wasema kakamwa mbali imene ukufuna ugwere, n'kudzadula kumbuyo. Koma osadula mpaka kutulukira. Umasiya kachigawo pakati kogwira ngati hinjesi ya chitseko, ndi kamene kamawongolera mtengo. Mnyamata wathu anadula zonse, n'chifukwa chake mtengo unasankha wokha kogwera.

China choopsa ndi nsonga ya makina. Ikagunda nthambi, makina amadumphira kumaso munthu usanaphethire. Gwira ndi manja awiri, ndipo osadula chinthu chimene chili pamwamba kuposa mapewa ako.

Pa kasamalidwe anatiuza kuti petulo yekha amapha injini. Makina ambiri amafuna mamililita 100 a oyilo wa two-stroke pa malita 5 a petulo, koma aliyense aone kabuku ka makina ake. Oyilo wa tcheni ali ndi thanki yake, ndipo musathiremo wakuda uja wochotsa m'galimoto. Mano a tcheni akabuntha mudziwa ndi utuchi: umatuluka wosalala ngati ufa m'malo mwa tizibanthu. Pamenepo zimitsani, nolani ndi tupa wozungulira wa saizi yake. Tcheni muzikunga bwino, osalendewera komanso osathinitsa. Sefa ya mpweya muzitsuka kawirikawiri, fumbi la kwathu kuno mukulidziwa.

Tsopano inu a m'tauni ndi a ku Joni, sindikukana mphatso zanu. Makinawa angathandize mnyamata kupeza ya sopo ndi ya feteleza. Koma mukamatumiza, ikanimonso chisoti, magalasi a m'maso, zotseka m'makutu, majombo olimba ndi thalauza lotetezera miyendo. Wathuyu anadula mtengo atavala masilipasi! Onjezaninso kangachepe koti tikapatse munthu wodziwa amuphunzitse masiku angapo, ayambire pa zipika zogona pansi. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi mwendo wa mwana.

Komanso anyamata inu, makina si chilolezo. Mbawa ndi mlombwa sitidula chidulire, yambani mwafunsa amfumu ndi alangizi a zankhalango. Ndipo mukadula umodzi, mvula ikagwa dzalani ina.

Makina aja pakali pano ndawatsekera m'nyumba mwanga. Mnyamatayo wakwiya, sakundipatsa moni. Akwiye, bola ali moyo. Safunsa anadya phula. Akamaliza kuphunzira ndimubwezera ndekha, ndipo ganyu yake yoyamba ikhala yondidulira mitengo yokonzera khola lija.