Chingerezi Chokha Sichipezetsa Ntchito ku Germany

Pali mawu omwe afala pakati pa achinyamata ofuna kukaphunzira kunja, ndipo ena mwa anthu omwe amawapezera malo m'mayunivesite akuwakometsera. Akuti ku Germany bola Chingerezi ndi digiri, ntchito imachita kukufuna yokha. Akuti kuphunzira Chijeremani n'kutaya nthawi, ndipo kudziwana ndi anthu ndi njira ya ofooka m'kalasi. Ife tikuti mawuwa ndi osocheretsa, ndipo wowakhulupirira adzazindikira madzi atafika m'khosi.

Tisawakanire zonse. N'zoona kuti maphunziro ambiri a digiri yachiwiri kumeneko amaphunzitsidwa m'Chingerezi, kuti mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi kupatula kandalama ka pa semesita, komanso kuti bungwe la DAAD limathandiza ophunzira a mu Africa, Amalawi omwe. N'zoonanso kuti makampani ena a zamakompyuta ku Berlin ndi ku Munich amalemba anthu osadziwa Chijeremani. Koma makampani oterewa ndi ochepa, ndipo pakhomo pawo pamaima mzere wa ochokera ku India, Nigeria, Brazil ndi kwina, onse ndi Chingerezi chawo chakuthwa.

Pa makampani 100 aliwonse a ku Germany, oposa 99 ndi ang'onoang'ono ndi apakatikati, ndipo ambiri ali m'matauni omwe kwathu kuno sitinawamvepo. Taganizani za injiniya wachinyamata pafakitale yotere. Msonkhano wa m'mawa auyamba m'Chingerezi pomulemekeza mlendo. Makina akaima, anthu n'kuyamba kutsutsana, onse amabwerera ku chiyankhulo chawo. Kasitomala akaimba foni, amayankhula Chijeremani. Pa nkhomaliro, pomwe pamamveka za amene akupuma pantchito ndi malo omwe atsala opanda munthu, mlendo uja amangoyang'ana m'mbale. Bwana akamasankha womulemba ntchito yokhazikika, zonsezi amazikumbukira.

Malamulo nawo sabisa. Luso la chiyankhulo ku Ulaya amaliyeza kuyambira pa A1 mpaka C2. Dokotala amayenera kufika pa B2 kenako n'kukhoza mayeso a Chijeremani cha m'chipatala a mlingo wa C1. Namwino, m'zigawo zambiri za dzikolo, amafunika B2. Munthu wokhala ndi chiphaso cha EU Blue Card amadikira miyezi 27 kuti apemphe chilolezo chokhazikika, koma akakhala ndi B1 miyeziyo imatsika kufika pa 21. Wofuna unzika amafunikanso B1. Boma lomwe laika zonsezi silingakhale boma loona Chingerezi kukhala chokwanira.

Ena amati chiyankhulocho adzachiphunzira akamaliza sukulu. Apa tiwerengere limodzi. Wophunzira wochokera kunja kwa European Union akamaliza digiri amapatsidwa miyezi yosapitirira 18 yofunafuna ntchito. Bungwe la Goethe-Institut limayerekeza kuti kufika pa B2 kumatenga maphunziro 600 mpaka 800 a mphindi 45. Wophunzira ka 10 pa sabata adzafunika masabata 60 mpaka 80, pafupifupi nthawi yonse imene wapatsidwa, kwinaku akusaka ndalama ya lendi. Amene anayamba chaka choyamba amafika pa miyezi 18 ija ali wokonzeka kale, pomwe mnzake akuphunzira kumene kupereka moni.

Nanga za kudziwana ndi anthu? Kwathu kuno tikamva zoti wina wapeza ntchito kudzera mwa munthu, timaganiza za kukondera ndi katangale, ndipo chifukwa chokayikira chilipo. Koma izi ndi zina. Mu 1973 katswiri wa zachikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, anasonyeza kuti uthenga wa ntchito umabwera kwambiri kudzera mwa anthu omwe timangodziwana nawo patalipatali kusiyana ndi anzathu apamtima. Kafukufuku wa anthu 20 miliyoni a pa LinkedIn, yemwe anatuluka m'magazini ya Science mu 2022, anapeza zofanana. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: anzako apamtima amadziwa zomwe iwe ukudziwa kale. Wophunzira amene Loweruka lililonse amaphika nsima ndi Amalawi anzake amapeza chitonthozo, ndipo palibe cholakwika, koma onse m'nyumbamo akusaka khomo limodzi lomwelo. Wodziwa kumene kuli makomo ena ndi mphunzitsi wake, mnzake wa ku timu ya mpira ya m'dera, kapena mayi amene amaimba naye kwaya ku tchalitchi. Wophunzirayo mayeso a ntchito adzalowabe ngati wina aliyense; chomwe wapindula n'kudziwa kuti malo alipo, ndi munthu woti n'kumuchitira umboni.

Njira zokumanirana ndi anthuwo zilipo, ndipo lamulo limaziloleza. Kuyambira mu March 2024 wophunzira wakunja angagwire ntchito masiku 140 athunthu pachaka. Makampani amalemba ophunzira ngati Werkstudent, mpaka maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo ambiri amalola wophunzira kuchitira kafukufuku wake womaliza pakampanipo. Ntchito zokhazikika zambiri zimayambira pamenepa. Koma kuti ulowe, kenako n'kukhala munthu amene anzako amamukumbukira, pamafunika pakamwa. N'chifukwa chake chiyankhulo ndi maubale sizisiyana: wopanda chiyankhulo maubale ake amathera pa alendo anzake.

Kwa makolo omwe mukugulitsa ziweto ndi malo kuti mwana apite: mufunseni amene akukulonjezani ntchitoyo kuti ndi ophunzira angati omwe anawatumiza n'kulembedwa osadziwa Chijeremani, ndipo akugwira ntchito yanji. Safunsa anadya phula. Kwa inu ophunzira: yambani A1 musanakwere ndege, fikani pa B1 chaka choyamba chisanathe, ndipo semesita iliyonse dziwanani ndi anthu atsopano a m'ntchito yomwe mukuifuna. Aliyense wokuuzani kuti izi n'zosafunika akufuna ndalama zanu, kapena sanayambe wafunsirapo ntchito ku Germany.