NDEMANGA: Musanakweze dzanja pa okushoni, dziwani kumene mudzadandaule

Kukolola kwatha ndipo cimanga capita kumsika. Ino ndiyo nyengo imene makopaletivu, magulu a azimai ndi makomiti a citukuko m'maparishi amakhala pansi kuwerenga ndalama zao. Kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, magulu amene kale sanali kukwanitsa ngakhale ngolo ya ng'ombe ayamba kukamba za thirakita ndi cigayo. Ici ndi cinthu cokondweretsa. Koma pa misonkhano yambiri pabuka mkangano umodzi: kodi tikagule pa okushoni ku Lusaka kumene mitengo imveka yotsika, kapena kwa ogulitsa makina amene ali ndi sitolo yodziwika?

Ife maganizo athu ndi akuti ndalama za gulu zisapite ku okushoni. Munthu amene ali ndi ndalama zakezake ndi makanika wake angayese mwai. Koma ndalama zimene anasonkha amai amasiye ndi alimi a maekala awiri zigule makina kwa munthu amene mungamupeze mawa zinthu zikabvuta.

Tiyeni tione mmene okushoni imayendera. Katundu amagulitsidwa monga mmene alili, ndipo pa mapepala amalemba liu lakuti voetstoots. Tanthauzo lake ndi lakuti nyundo ikagunda, matenda onse a makinawo ndi anu, ooneka ndi obisika omwe. Musanalowe mumalipira dipoziti. Mukapambana mumapatsidwa masiku ocepa kuti mutsirize kulipira, apo ai dipoziti ija ingapite. Tsiku loona katundu liripo, koma palibe amene adzakulolani kumanga pulawo ndi kulima nayo ekala imodzi.

Ndiponso mtengo umene mumva pofuula si umene mudzalipira. Tiyerekeze kuti mwapambana pa K200,000. Ngati a okushoni atenga 10 peresenti, onjezani K20,000. Ngati katunduyo ali ndi msonkho wa VAT wa 16 peresenti, onjezaninso K32,000. Mwafika pa K252,000 thirakita isanacoke pabwalo. Kwatsala lole yoinyamula mtunda wopitirira makilomita 500 kucoka ku Lusaka kufika ku Chipata, batire, mafyuluta, ndipo mwina matayala akumbuyo, amene mtengo wake aliyense wokhala ndi thirakita amaudziwa.

Funsaninso kuti makinawo afika bwanji pamenepo. Ena ndi abwino ndithu, maka-maka pamene famu yatsekedwa ndipo mwini agulitsa zonse pamodzi. Koma ena analandidwa ndi banki kaamba ka ngongole, ndipo munthu amene walephera kubweza ngongole kawiri-kawiri amakhala atasiya kale kusintha oilo. Ena anatayidwa ndi maofesi atatopa kuwakonza. Pabwalo lomwelo pamakhala amalonda ndi amakanika amene nchito yao ndi imeneyi caka conse. Iwo akatsitsa manja n'kukusiyirani thirakita pa mtengo wotsika, muyenera kudzifunsa cimene aona.

Sitikamba zongomva. Gulu lina m'parishi yathu linabwera ndi thirakita yopakidwa penti yatsopano, ndipo mudzi wonse unailandira ndi nthungululu. Inalima masiku asanu ndi anai, pampu yonyamulira pulawo n'kufa. Mtundu wa thirakitayo unali wacilendo, cotero sipeya sinapezeke ku Chipata ngakhale ku Lusaka. Mamembala anali atalipiratu zolimitsa, ndipo ena anali atagulitsa ng'ombe zao kuti asonkhe. Anabzala ndi makasu Khirisimasi itapita. Msungicuma, munthu amene sanabe ngwee imodzi, anachedwa wakuba, ndipo mabanja awiri anasiya kukhalira pamodzi ku mphakati. Makolo anati cikomekome ca nkhuyu, mkati muli nyerere. Thirakitayo ikali pansi pa mtengo wa mango, nkhuku ziikira mazira pampando.

Nkhani yonse yagona pa nthawi. Thirakita ya mlimi wamng'ono ili ndi milungu yowerengeka imene ifunika koposa, kucokera mu Okutobala kufika pakati pa Disembala. Ikafa mu Juni mudzadandaula cabe. Ikafa mu Novembala mvula itagwa, mwataya cakudya ca caka cathunthu, pakuti cimanga cobzalidwa mocedwa sicibereka mofanana ndi ca mvula yoyamba, ngakhale muthire fataleza woculuka. Ndalama zoonjezera zimene mulipira kwa wogulitsa wodziwika mugula nazo sipeya yopezeka msanga ndi makanika wobwera kumunda.

Sitinena kuti aliyense wokhala ndi sitolo ndi wolungama. Alipo amene amagula pa okushoni yomweyo, n'kupaka penti, n'kukugulitsani pa mtengo wowirikiza. Motero musakhulupirire cikwangwani. Funsani galanti yolembedwa, yonena miyezi kapena maola amene igwira nchito ndi ziwalo zimene ikhudza. Lowani m'cipinda ca masipeya muone ndi maso anu mafyuluta, malamba ndi kilachi. Mvanani za amene adzalipira ulendo wa makanika. Pemphani kuti akuonetseni alimi a m'boma lanu amene anagula kwa iwo zaka ziwiri zapitazo, ndipo mukaceze nao. Sungani lisiti, cifukwa lamulo loteteza ogula la mu 2010 linapatsa bungwe la CCPC mphamvu yomva madandaulo a katundu woipa, koma wopanda pepala alibe poyambira.

Sankhani mtundu umene uli wofala kwanuko. Si mwangozi kuti Massey Ferguson yakale ya injini ya Perkins ikali kulima m'midzi: amakanika a ku Katete, Petauke ndi Lundazi amaidziwa, ndipo masipeya ake sasowa. Thirakita yaing'ono imene makanika wapafupi angaikonze iposa yaikulu imene sipeya yake iyembekezera sitima ya pamadzi. Za cigayo n'cimodzimodzi. Mota yaikulu ifuna magetsi a three-phase, amene m'midzi yambiri mulibe. Tikumbukirenso caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi ku Kariba ndipo zigayo za magetsi zinali kukhala maola ambiri osagaya pamene za dizilo zinali kulira.

Kwa amene mwatsimikiza mtima kupita ku okushoni ndi ndalama zanu, musapite nokha. Tengani makanika amene mumulipira inu. Alize injini ili yozizira, pakuti yotentha kale imabisa zambiri. Utsi wabuluu usonyeza kuti injini idya oilo. Oilo yooneka ngati tiyi wamkaka isonyeza kuti madzi alowa m'kati. Anyamule cinthu colemera kumbuyo, azime injini, muone ngati citsika cokha. Mita yowerenga maola musaikhulupirire kwambiri cifukwa imafa ndiponso imasinthidwa. Yang'anani mmene zopondapo zaperesekera. Nambala ya injini ndi ya chasisi zifanane ndi za m'buku la RTSA. Ndipo kucokera pa lamulo la mu 2016, ku PACRA kuli kaundula wa katundu wosunthika amene anaikidwa cikole. Fufuzani kumeneko kuti musagule makina amene ali pa ngongole ya munthu wina. Lembani mtengo wothera musanacoke kunyumba, cifukwa pabwalo paja mtima umatentha ndipo munthu amakweza dzanja kuti asacite manyazi.

Pali funso lina limene makomiti saikonda: kodi gulu lanu lakonzeka kukhala ndi thirakita? Pafunika dalaivala wophunzira, pogona pake, buku lolembamo maola ndi dizilo, ndi thumba la masipeya limene silikhudzidwa pa maliro kapena pa phwando. Oilo ya injini isinthidwa pafupifupi pa maola 250 alionse, kaya m'thumba muli ndalama kaya mulibe. Ngati zimenezi palibe, kubwereka thirakita caka cino kapena kugula ng'ombe ndi ripa si manyazi ai.

Tipempha apampando, alembi ndi asungicuma kuti nkhaniyi isathere m'komiti ya anthu asanu. Bweretsani mitengo yolembedwa ya ogulitsa atatu pa msonkhano wa mamembala onse, muitane alangizi a zaulimi a m'dera lanu, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe m'buku. Inunso mamembala musacite mantha kufunsa, ngakhale amene abweretsa ganizolo ndi akulu-akulu. Funso lake ndi ili: makinawa akafa pa 20 Novembala, tidzaimbira foni ndani, ndipo adzafika tsiku liti? Ngati palibe amene ayankha, ndalamazo zikhale ku banki kufikira yankho litapezeka.