Madzi Oundana a pa Kilimanjaro ndi Udindo wa Atsogoleri Athu



Pansonga pa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania pali madzi oundana amene akhalapo zaka mazanamazana. Chiyambire 1912, magawo oposa 80 mwa 100 a madziwa atha kale, ndipo mu 2022 bungwe la UNESCO lidachenjeza kuti otsalawo akhoza kutheratu pofika 2050. Kutentha kwa dziko kumene kukuwamalizaku kumadza makamaka ndi utsi wa malasha ndi mafuta wochokera m'maiko olemera, koma woyamba kulira ndi mlimi wa kuno ku Africa, amene mvula yake yasokonekera.

N'chifukwa chake msonkhano wa COP27 ku Sharm el-Sheikh mu 2022 udavomereza kukhazikitsa thumba lothandizira maiko osauka okhudzidwa ndi ngozi zanyengo. Ife tikuti ndalama zotere si mphatso ayi, ndi ngongole.

Komatu ngongole ikabwezedwa iyenera kufika kwa mwini wake. Tikupempha boma kuti liziulula ku Nyumba ya Malamulo ndalama iliyonse yolandiridwa m'dzina la kusintha kwa nyengo. Inunso Akhristu, funsani aphungu anu kuti mabanja amene adasowa pokhala ndi namondwe wa Freddy mu 2023 adalandirapo chiyani.